Kuyesa anamwino atsopano pa chidole tisanawasiye okha pa wodi: mafunso ndi mayankho

Ndine namwino komanso mzamba kuno ku Kasungu. Gawo lina la ntchito yanga ndi kulandira anamwino amene angotuluka kumene kusukulu, kuyenda nawo miyezi yoyambirira, ndi kuona ngati afika poti tingawasiye okha usiku. Njira imodzi imene timagwiritsa ntchito ndi kuyeserera. Mafunso ali m'munsimu ndawamva kambirimbiri, ena pakhonde la wodi, ena pa foni usiku woti mawa lake munthu akayesedwa. Ndawasonkhanitsa kuti amene akubwera asamalowe m'chipindamo ndi mantha a zinthu zimene angomva kwa anzawo.

Kodi kuyeserera kumeneku n'chiyani kwenikweni?

Timakonza chipinda kuti chifanane ndi wodi kapena leba, timagonekamo wodwala amene si weniweni, kenako timauza namwino kuti: "Uyu ndi wanu, muthandizeni." Wodwalayo akhoza kukhala chidole, akhozanso kukhala mnzathu wa ntchito amene tamuphunzitsa kubuula, kudandaula ndi kuyankha monga amachitira wodwala. Matenda ake amasintha malinga ndi zimene namwinoyo wachita kapena walephera kuchita. Pa Chingerezi amati simulation, koma ambirife timangoti drill.

Njirayi ndi yakale. Chidole chophunzitsira kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma, chotchedwa Resusci Anne, chinapangidwa ndi kampani ya Laerdal ya ku Norway mu 1960. Mu 1963, dokotala wina wa ku America, Howard Barrows, anayamba kuphunzitsa anthu abwinobwino kusewera ngati odwala kuti ayesere ophunzira ake.

Ndinakhoza kale mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi. Mukundiyeseranji kachiwiri?

Layisensi yanu sitikuikayikira. Munaivutikira, kaya munaphunzira ku KUHeS, ku Mzuzu University, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku koleji ya CHAM. Layisensiyo imatiuza kuti mukudziwa. Chimene sitiuza ndi ichi: nthawi ikakhala 2 koloko usiku, magetsi azima, gadiyani akulira pakhomo, ndipo mzimayi amene wachira ola lapitalo wayamba kuyasamula ndi kupempha madzi, kodi zimene mukudziwazo zidzafika m'manja mwanu pa nthawi yake?

Boma lathu la Kasungu ndi lalikulu. Namwino watsopano akhoza kutumizidwa ku chipatala chaching'ono kumene usiku amakhala yekha, ambulasi n'kutenga nthawi yaitali kuti ifike, makamaka dzinja misewu ikaterera. Ngakhale wodwala afike pa chipatala cha boma, kukafunika kumutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe patsalanso mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Mphindi zoyambirira zimakhala za namwino amene ali pomwepo. Tikufuna tidziwe mmene amazigwiritsira ntchito tisanamutumize.

Mukati mukuyesa clinical judgement, mumatanthauza chiyani?

Timatanthauza nzeru yoona chimene chikuchitika pa wodwala ndi kudziwa choyamba kuchita. N'zosiyana ndi luso la manja. Munthu akhoza kuika kanyula kamodzi n'kulowa bwinobwino, koma osazindikira kuti wodwala wa pa bedi lachitatu ndiye amayenera kuthamangiridwa poyamba.

Mu 2006, mphunzitsi wa anamwino wa ku Oregon ku America, Christine Tanner, anaigawa nzeru imeneyi m'magawo anayi, ndipo ife timawatsata chifukwa ndi osavuta kukumbukira. Poyamba pali kuzindikira kuti chinachake chasintha. Kenako pali kumasulira: kusinthaku kukutanthauza chiyani? Kachitatu ndi kuchitapo kanthu. Pomaliza ndi kubwerera m'mbuyo n'kulingalira zimene wachita.

Pa zinayi zimenezi, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mpata umene umakhala pakati pa kuzindikira ndi kumasulira. Ndinaonapo tchati cholembedwa mwaukhondo, dzanja lokongola, mphindi khumi ndi zisanu zilizonse: pulse (kugunda kwa mtima pa mphindi) 88, kenako 96, kenako 108, kenako 120. Namwino anayeza molondola, analemba molondola, koma sanauze munthu. Nditamufunsa anati: "Asista, BP inali bwinobwino." Sananame. Kungoti mzimayi wachitsikana amene akutaya magazi, thupi lake limaigwiriziza BP kwa nthawi ndithu, mtima n'kumathamanga kuti ulipirire magazi amene atayika. BP ikamadzagwa, zinthu zimakhala zitafika kale patali.

Tsiku loyesedwalo zimayenda bwanji?

Tisanayambe timakuonetsani chipinda: mankhwala ali apa, madilipi ali apo, foni yoitanira thandizo ndi iyi, chidole chimatha kuchita izi koma izi sichingathe. Timakuuzaninso kuti zimene zichitike muno zitsala muno. Kenako mumalandira ripoti monga mwa masiku onse.

Mwachitsanzo: "Mayi wa zaka 24, mimba yachinayi, wachira mwana wamkulu mphindi 40 zapitazo. Nsengwa inatuluka. Anabayidwa oxytocin, mankhwala olimbitsa chibelekero." Mnzathu wagona pa bedi atavala chidole cha MamaNatalie, chija chomanga m'chiuno chokhala ndi chibelekero ndi thumba la madzi ofiira. Mwalowa, mwapereka moni, mayiyo akuti ali bwino koma akumva chizungulire pang'ono. Wafunda chitenje mpaka m'khosi. Ife tili pakona ndi wotchi ndi pepala.

Pamenepo timayang'ana zinthu zazing'ono. Kodi muvundukula chitenjecho kuti muone pansi pake? Kodi muika dzanja pamimba kuti mumve ngati chibelekero chalimba? Mukapeza kuti chafewa ngati phala ndipo nsalu zanyowa, kodi mufuula kuitana thandizo uku mukusisita chibelekero, kapena musiya mayiyo n'kuthamangira kukafuna BP mashini? Mukasisita, mnzathuyo amalimbitsa chibelekero cha chidolecho ndi kuchepetsa magazi. Mukachedwa, amatsegula kwambiri, mawu ake amayamba kuzilala, ndipo tikakuuzani pulse imakhala yakwera.

Timayembekezera kuti muganize za oxytocin, dilipi, kutulutsa mkodzo m'chikhodzodzo, tranexamic acid (mankhwala ochepetsa kutaya magazi) pasanathe maola atatu chichirireni, ndi kufufuza ngati pang'ambika kapena kachidutswa ka nsengwa katsalira. Zonsezi zimatenga mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Kukambirana kwa pambuyo pake kumatenga nthawi yoposa pamenepo.

Kodi si OSCE yomwe ija ya kusukulu?

N'zapachibale koma si chimodzi. OSCE, imene Ronald Harden ndi anzake anaifotokoza mu 1975 ku Dundee, imakuzungulitsani m'masiteshoni, ndipo nthawi zambiri mumauzidwa chochita: apa yezani mayi woyembekezera, apo sonyezani kuika katheta. Mu drill palibe amene amakuuzani vuto. Kulipeza vutolo ndiye mayeso ake.

Malikisi mumapereka bwanji?

Timagwiritsa ntchito mapepala awiri. Loyamba ndi mndandanda wa zinthu zosayenera kudumphidwa, ndipo pambali pa chilichonse timalemba nthawi imene mwachichita. Kuitana thandizo pa mphindi yoyamba ndi kuitana pa mphindi yachisanu ndi chitatu si chinthu chimodzi, ngakhale onse awiri aitana.

Lachiwiri latengera chida chimene Kathie Lasater anafalitsa mu 2007, chochokera pa magawo anayi a Tanner aja. Chili ndi mfundo 11: zitatu za kuzindikira, ziwiri za kumasulira, zinayi za kuchitapo kanthu, ndi ziwiri za kulingalira. Pa mfundo iliyonse munthu amaikidwa pa umodzi mwa milingo inayi, kuyambira wongoyamba kumene mpaka katswiri, choncho malikisi onse amayambira pa 11 kulekezera pa 44.

Nambala yonseyo sindimaikhulupirira kwambiri. Anamwino awiri akhoza kupeza 28 onse, koma wina n'kukhala wamaso akuthwa amene amasowa mawu pofotokoza, mnzakeyo wolankhula bwino koma wosavundukula chitenje. Awiriwa safunika thandizo lofanana. N'chifukwa chake tikakhala pansi timakuonetsani mfundo iliyonse payokha. Ndipo sitiyembekezera kuti munthu wa miyezi iwiri pa ntchito akhale pa mulingo wa katswiri.

Ndi matenda ati amene mumakonda kugwiritsa ntchito?

Amene amatipha kuno, ndiponso amene namwino angathe kusinthapo zinthu mu mphindi zochepa. Kutaya magazi pochira ndakufotokozani kale. Ena ndi awa.

Mwana wobadwa osalira. Maphunziro a Helping Babies Breathe, amene anayamba mu 2010, amaphunzitsa kuti mphindi imodzi isanathe mwana akhale akupuma yekha kapena mwayamba kumupopera mpweya ndi ambu bag. Pano wotchi ndi imene imalankhula. Cholakwa chimene timachiona kawirikawiri ndi kutaya nthawi yaitali pa kuyamwa zam'mphuno, komanso kupopa osayang'ana ngati chifuwa chikukwera.

Mwana wa malungo amene wafika akukomoka. Ambiri amathamangira artesunate, mankhwala a malungo aakulu, ndipo salakwa kumuganizira, koma amaiwala njira ya mpweya ndi shuga. Ndondomeko ya ETAT, yosankhira ndi kuthandiza msanga ana odwala mwakayakaya, imene mizu yake ili pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndipo bungwe la WHO linaifalitsa m'maiko ambiri, imati tiyambe ndi mpweya, kapumidwe ndi kayendedwe ka magazi, kenako chikomokere ndi kukomoka. Mwana amene shuga wake watsika amapatsidwa 5 ml pa kilogalamu iliyonse ya dextrose wa 10 peresenti. Timayang'ana ngati mufunsa kulemera kwa mwanayo musanatenge sirinji.

Mayi woyembekezera amene akudandaula mutu ndi kusaona bwino, BP 160/110. Pano timafuna kuona ngati muzindikira kuti kukomoka kuli pafupi, ngati mukudziwa kayambidwe ka magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomokako, ndiponso ngati musanapereke mulingo wina muwerenga kapumidwe, mugogoda bondo kuti muone ngati mwendo ukudumpha ndi kuona kuchuluka kwa mkodzo. Funso limene limagwetsa ambiri ndi lakuti: calcium gluconate, mankhwala operekedwa magnesium sulphate akachuluka m'thupi, ali pati m'chipinda chino?

Nthawi zina timakupatsani odwala atatu nthawi imodzi, wina wofuula kwambiri koma wosadetsa nkhawa, wina wangoti zii pakona. Wachetechete uja ndiye timafuna tione ngati mumuona.

Ndikaitana thandizo, kodi sizionetsa kuti sindikudziwa ntchito?

Ayi. Pa pepala lathu kuitana msanga kumakweza malikisi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mayi amene akutaya magazi amafunika manja oposa awiri: wina asisite, wina aike dilipi, wina aimbe foni. Ngati palibe namwino wina, itanani amene alipo, kaya ndi wothandiza pa wodi, kaya ndi mlonda kuti akadzutse anzanu.

Chimene timayang'ananso ndi kaitanidwe kake. "Adokotala bwerani, zavuta kuno" sikuthandiza munthu amene wadzidzimuka kutulo. Timaphunzitsa SBAR: nenani chimene chachitika, mbiri yake mwachidule, mmene inuyo mukuonera, ndi chimene mukupempha. "Mayi wachira mphindi 40 zapitazo, akutaya magazi kwambiri, chibelekero n'chofewa, pulse 120, ndasisita ndipo ndapereka oxytocin koma sanasiye, bwerani tsopano." Mawu amenewa amadzutsa munthu.

Ndikudziwa kuti ena mumaopa kuitana chifukwa munakalipiridwapo. Limenelo ndi vuto la ife akuluakulu, ndipo timalikambirana pamisonkhano yathu. Inu pitirizani kuitana.

Chipatala chathu chilibe zidole zodula. Kodi zingatheke?

Zingatheke ndithu. Zidole za kompyuta zimene zimaphethira ndi kupuma zokha n'zabwino, koma pa kuyesa kaganizidwe si zimene zimafunika kwambiri. MamaNatalie ndi kamwana kake NeoNatalie sizifuna magetsi, ndipo zinapangidwira malo ngati athu ano. Ngati nazonso palibe, mnzanu agone pa bedi, madzi osungunuliramo utoto wofiira akhale magazi, manambala a BP ndi pulse alembedwe pa timapepala n'kumaonetsedwa namwino akayeza. Chachikulu n'chakuti manambalawo asaperekedwe munthu asanayeze.

Ine ndimakonda drill yochitikira pa wodi penipeni, ndi zipangizo zimene zilipo tsikulo. Pamenepo m'pamene timatulukira kuti thireyi ya emergency ilibe kanyula wamkulu, kiyi wa kabati ya mankhwala wapita ndi munthu ku chakudya, tochi ilibe mabatire. Zimenezi si zolakwa za namwino watsopano ndipo sitimuchotsera malikisi, koma zimalembedwa ndi kukonzedwa. Kuyesa munthu m'chipinda chokhala ndi zonse pamene iye akagwira ntchito kumene kulibe okosijeni, kumatipatsa yankho la funso limene sitinafunse.

Ndimanjenjemera anthu akamandiyang'ana. Pa wodi sinditero. Kodi si kundilakwira?

Dandaulo limeneli lili ndi choonadi. Kuyang'aniridwa ndi amatroni atagwira cholembera kumasokoneza, ndipo chidole sichituwa m'maso kapena kutuluka thukuta monga munthu. Namwino wina amaona wodwala weniweni n'kudziwa nthawi yomweyo kuti sali bwino, koma pa pulasitiki maso akewo alibe pogwira.

N'chifukwa chake sitiweruza munthu ndi drill imodzi. Timachita zingapo, za matenda osiyana, masiku osiyana, ndipo timaziphatikiza ndi zimene aona anamwino amene mukugwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku. Yoyamba sitiiwerengera n'komwe, ndi yongozolowerera. Komabe dziwani kuti tsiku la ngozi yeniyeni mtima udzagundanso chimodzimodzi, ndipo maso a magadiyani adzakhala pa inu. Kuphunzira kugwira ntchito manja akunjenjemera ndi mbali ya zimene drill imaphunzitsa. Chimene chimathandiza ambiri ndi kulankhula mokweza zimene akuganiza: "Pulse yakwera, ndikukayikira magazi, ndiyang'ane chibelekero." Mawuwo amakhazika mtima pansi, ndipo ifenso timamva kaganizidwe kanu m'malo mongokalota.

Pa kukambirana kwa pambuyo pake pamachitika chiyani?

Timatuluka pa bedi paja, timakhala pansi mozungulira, ndipo woyamba kulankhula ndinu. Timafunsa mmene mukumvera, kenako mufotokoze chimene munaona kuti chikuchitika. Tikafika pamene panavuta, funso lathu limakhala lakuti: "Ndinaona kuti pulse itafika 120 munapita kukalemba. Munkaganiza chiyani pa nthawi imeneyo?" Timafunsa kuti timve, chifukwa kuseri kwa cholakwa chilichonse kumakhala ganizo limene linaoneka lanzeru panthawiyo. Tikapanda kulipeza ganizolo, cholakwacho chidzabweranso.

Izi ndinaziphunzira mowawa. Zaka za m'mbuyomu ndinadzudzula namwino wina wachitsikana pamaso pa anzake chidole chitafa m'manja mwake. Ndinkaona ngati ndikumulimbitsa. Anangoti "Chabwino asista," n'kuzolika. Miyezi yotsatira sanabwerenso kudzandifunsa kanthu, ndipo ndinamva kuti akakayikira mulingo wa mankhwala ankafunsa anzake pa WhatsApp m'malo mogogoda pa ofesi yanga imene inali pafupi. Ndinapita kukamupepesa, koma zinatenga nthawi kuti ayambirenso kundikhulupirira. Kuyambira pamenepo, amene akufuna kuyesa anzake kuno amayamba waphunzira kafunsidwe.

Tikamaliza kukambirana, nthawi ikalola, mumabwereza drill yomweyo kuti muchoke mutaichita bwino.

Ndikalephera, kodi ndichotsedwa ntchito kapena kulandidwa layisensi?

Ayi. Nkhani za layisensi zili m'manja mwa Council, ndipo drill ya pa chipatala si bwalo la milandu. Chimene chimasintha ndi mmene tikuthandizireni. Mwina tikuphatikizani ndi namwino wodziwa kwa masabata ena, mwina tichedwetsa kukuikani nokha usiku, mwina tibwereza nanu gawo limene lavuta. Patricia Benner anafotokoza mu 1984 kuti namwino amadutsa masitepe asanu kuchoka pa wongoyamba kufika pa katswiri, ndipo zimatenga zaka akuona odwala. Palibe amene amatuluka kusukulu ali pamwamba.

Koma sindikunamizani: ngati mobwerezabwereza munthu sakuona zizindikiro zoopsa, ndipo sakufuna kumva akauzidwa, sindingasayine kuti akagwire yekha. Kumbuyo kwa siginecha yanga kuli mayi wa ku Chulu kapena ku Santhe amene sindidzamuona.

Nanga woyesayo akakhala kuti sandifuna?

Timayesetsa kuti oyesa akhale awiri, aliyense alembe payekha, kenako afananize. Akasiyana kwambiri amakambirana, ndipo ngati sagwirizana mumapatsidwa drill ina ndi munthu wina. Nkhani ya wodwala imalembedwa pasadakhale, manambala ndi nthawi zake zomwe, kuti wina asapatsidwe chophweka wina chovuta. Pepala lanu muli ndi ufulu wolionanso ndi kufunsa.

Kodi wochita bwino pa chidole amachitanso bwino pa munthu?

Kafukufuku wamkulu amene bungwe la makhonsolo a anamwino la ku America, NCSBN, linafalitsa mu 2014 anatsata ophunzira a m'masukulu khumi. Anapeza kuti amene theka la nthawi yawo ya pa wodi linalowedwa m'malo ndi kuyeserera sanasiyane ndi anzawo pa mayeso, ngakhalenso pa mmene mabwana awo anawaonera miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira pa ntchito. Koma kumeneko kunali aphunzitsi ophunzitsidwa bwino ndi zipangizo zokwanira, ndipo anali ophunzira, osati anamwino a pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Sindingatenge zotsatirazo n'kuziika pa Kasungu monga zilili.

Mmene ndimaonera ine, drill imaulula bwino amene sanakonzeke kuposa mmene imatsimikizira amene wakonzeka. Wosavundukula chitenje pa chidole katatu konse, ndimada naye nkhawa. Wovundukula, ndimafunabe kumuona pa wodi.

Ndikonzekere bwanji, ndipo tizichita kangati?

Musaloweze drill ya mnzanu, chifukwa timasintha. Werenganinso ma protocol amene apachikidwa pakhoma la wodi yanu, ndipo tsegulani thireyi ya emergency ndi manja anu kuti mudziwe chili pati. Pa wodi, mukalemba manambala a wodwala, yang'anani atatu am'mbuyo ndi kudzifunsa kumene akulowera. Pa mayi amene wachira, yerekezani pulse ndi nambala ya pamwamba ya BP: pulse ikayandikira kapena kupitirira nambala imeneyo, musadikire, pitani mukamuone ndipo muuze wina.

Za kangati, luso lotsitsimutsa mwana limazilala pakapita miyezi yochepa osaligwiritsa ntchito, choncho drill zazifupi zochitika pafupipafupi zimaposa maphunziro a sabata yathunthu kamodzi pa chaka. Kwa atsopano timayesa pofika, kenako tisanawaike okha usiku, kenako pakatha miyezi ingapo. Mukafuna kubwereka NeoNatalie kuti muyeserere nokha nthawi ya nkhomaliro, uzani a in-charge a ku leba, mulembe dzina m'buku, ndipo mukamaliza muumitse maski musanabweze m'chikwama chake.